Tchire la ku Bwanje ndi nkhokwe yathu yachiwiri, tisaiotche makala



Mukakwera minibasi ku Balaka kulowera ku Salima pa msewu wa M5, ingoyang'anani zimene anthu akugulitsa m'mbali mwa msewu kuyambira pa Bwanje, Sharpevale, Kasinje mpaka kukafika pa Golomoti. Muona malambe ataunjikidwa, masau m'mabeseni, bwemba, mphasa, malichero, ndipo nthawi ya dzinja muona bowa m'timbale. Pambali pa zonsezi pamakhala matumba a makala, ataimikidwa mondondozana ngati ana a sukulu pa mzere. Zinthu ziwirizi zimachokera malo amodzi, kutchire. Kusiyana kwake n'kwakuti malambe ndi bowa tidzakololanso chaka chamawa, pamene mtengo umene walowa m'thumba la makala wapita basi.

Ife maganizo athu ndi awa: mitengo yachilengedwe ndi zomera zakutchire za m'chigwa cha Bwanje tiziziwerenga ngati mbali ya ulimi wathu, chimodzimodzi mpunga ndi chimanga, ndipo tiziikire malamulo a m'mudzi zisanathe. Nkhaniyi ikukhudza mlimi wa ku Ntcheu, ikukhudzanso msodzi wa ku Chipoka, Malembo ndi Monkey Bay amene mwina phazi lake silinapondeko pa Bwanje. Tifotokoza chifukwa chake.

Kalendala ya chakudya imene sitinalembe

Munda umatipatsa chakudya kamodzi pa chaka, kapena kawiri kwa amene ali ndi dimba kapena ndime mu sikimu. Tchire limapereka pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo limapereka kwambiri pa nthawi imene nkhokwe ya pakhomo yayamba kuoneka pansi.

Tiyeni tiwerenge. Chakumapeto kwa chaka, cha mu Novembala ndi Disembala, masuku amapsa m'mapiri a kumtunda. Mvula ikangogwa, pasanathe masabata angapo, bonongwe, luni, chisoso ndi denje zimamera zokha m'minda ndi pa matsala, chimanga chisanafike n'komwe m'mawondo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi nyengo ya bowa: utale pa zulu, ndelema ndi manyame pansi pa mitengo ya tsamba ndi mombo. Nthawi yomweyo mpoza ndi nthudza zimayamba kupsa. Mvula ikatha malambe amakhwima, kenaka masau, matowo ndi bwemba zimatenga malo mpaka chilimwe chitafika pachimake. Muona kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, imene tonse timaidziwa kuti ndi ya njala, ndi yomweyo imene ndiwo zakutchire zimachuluka.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Banja losauka la ku Bwanje magulu awiri mwa amenewa, masamba ndi zipatso, lakhala likuwapeza osatulutsa tambala. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje. Bonongwe ndi luni zili ndi michere yowonjezera magazi ndi yothandiza maso kuposa kabichi amene timamutamanda pa ukwati. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Mwana wopinimbira nthawi zambiri nsima amadya ndithu. Chimene chimasowa ndi chophatikiza. Ndiye tikamalola kuti chophatikiza chaulerecho chithe, ana athu tikuwafunira zotani?

Akuluakulu amene anaona njala ya 1949, ndi ife tonse amene tinaona ya 2002, tikudziwa kuti anthu ambiri anapulumukira ku zipatso, mizu ndi masamba akutchire. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka chimodzi chisanafike chimenecho, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anali atasesa minda ku chigawo cha kummwera. Zaka zoterezi zikubwera mowirikiza tsopano. Mlambe, bwemba ndi msau mizu yake imapita kutali, ndipo chaka chimene chimanga chapserera, iyo imabereka ndithu.

Chimene chikudya tchire

Tisanamizane, chigwa cha Bwanje chasintha. Anthu tachuluka, minda yakwera mpaka m'mapiri, ndipo madambo ambiri asanduka minda ya mpunga. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, ili ndi mahekitala pafupifupi 800. Pambuyo pake panamangidwanso damu ndi thandizo la European Union kuti madzi azipezeka ndi m'chilimwe momwe. Zimenezi n'zabwino, ndipo mabanja ambiri amanga nyumba za malata ndi mpunga umenewu. Koma madzi a mu Namikokwe ndi Livulezi amachokera kuti? Amachokera m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, kudutsa m'nkhalango ngati ya Mua-Livulezi. Phiri likameta, mvula simalowanso pansi. Imathamanga tsiku limodzi, kukokolola nthaka, kudzaza ngalande ndi mchenga, kenaka mtsinje n'kuphwa mu Sepitembala. Choncho amene ali ndi ndime mu sikimu ndiye woyamba amene ayenera kudandaula akaona utsi wa uvuni wa makala kumtunda.

Makala ndiye chilombo chachikulu. Mabanja ambiri a m'tauni ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaphikira makala, ndipo ogula amafuna a mitengo yachilengedwe chifukwa amakhalitsa pa mbaula. Mitengo yake ndi yomwe ija ya tsamba ndi mombo. Apa pali chinthu chimene ambiri sitichiganizira. Bowa ngati manyame ndi ndelema samera paliponse. Mizu yake yosaoneka imalumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi pansi pa nthaka, ndipo zimadyetsana. Mukadula mitengoyo, bowa nayenso amatha, ndipo simungamudzale m'munda ngati tomato. Mukadzala bulugamu pamalopo, mupeza mapolo ndi nkhuni, koma manyame sabwerera. Njuchi nazo zimadalira maluwa a mitengo yomweyo. Ndiye thumba limodzi la makala limatenga zinthu zambiri: mtengo, bowa wa zaka zikubwerazi, uchi, luzi, mankhwala azitsamba ndi nthaka ya pa phiri.

Chachiwiri ndi moto wolusa. Moto wa mu Sepitembala ndi Okutobala, udzu utauma kuti gwa, umapha timitengo tonse timene tinaphukira chaka chimenecho. Zaka zikamapita, kutchire kumatsala mitengo yokalamba yokhayokha yopanda ana. Tayang'anani milambe ya m'chigwa chino. Ikuluikulu ilipo, koma kodi mlambe waung'ono wamsinkhu wa munthu munauona liti? Mbuzi zimadya, moto umatentha, khasu limadula.

Chachitatu ndi manyazi athu. Ichi ndiye chopweteka. Pali mabanja amene mlendo akabwera sangamuphikire denje kapena chisoso, ati ndi ndiwo za amphawi. Ana akukula akudziwa dzina la soya pisesi ndi zigege, koma mukawaonetsa tsamba la luni akuti ndi udzu. Mankhwala opha udzu amene afala m'minda masiku ano sasankha. Amapha nsongole pamodzi ndi bonongwe yemwe. Chinthu chimene munthu sachidziwa dzina sangachiteteze.

Achimwene a kunyanja, nkhaniyi ndi yanunso

Madzi onse a m'chigwa cha Bwanje amathera mu nyanja ya Malawi, ku mbali ya kummwera chakumadzulo, kumene ambiri a inu mumaponya makoka. Dothi limene likukokoloka ku Ntcheu limakathera komweko. Nsomba ngati mpasa, sanjika ndi ntchila zimakwera m'mitsinje nthawi ya dzinja kukaswana pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Ntchila inali nsomba yochuluka kwambiri kale, agogo athu amaidziwa bwino, koma lero achinyamata ambiri a pa dooko sanaionepo. Maukonde anathandizira kuitha, inde, koma kuonongeka kwa mitsinje nako kunaika dzanja. Chambo nacho ana ake amabisala m'mabango ndi m'maudzu a m'mphepete mwa nyanja. Tikadula bango lonse n'kulima mpaka m'madzi, tagwetsa chikuta cha nsomba.

Komanso taganizirani zida zanu. Bwato limachokera ku mtengo waukulu, ndipo osema mabwato akuyenda mitunda italiitali kuti aupeze. Nkhafi ndi mtengo. Mono ndi nsungwi kapena bango. Thandala loyanikapo usipa ndi mitengo ndi bango. Kuwamba mlamba ndi kampango kumafuna nkhuni, ndipo nkhunizo mukuzigula modula chaka ndi chaka. Ndiye msodzi ndi wogula wamkulu wa zakutchire, ndipo ali ndi mawu pa nkhaniyi.

Palinso nyengo yotseka nyanja, imene imayamba mu Novembala. Makoka akapachikidwa, pakhomo pa msodzi pamadyedwa chiyani? Ndi nthawi imeneyo mfutso, masuku, mango ndi bowa zimagwira banja. Msinthano wakale unali womwewu: wakumtunda amatsika ndi ufa, nyemba ndi zipatso, wakunyanja amakwera ndi usipa ndi utaka. Mbali imodzi ikauma, inayo imamva.

Ena anaona kale

Kutali ku Asia kuli dziko la Laos. Ngati lathuli, nalo silinagundane ndi nyanja yamchere, ndipo moyo wa anthu ake wazungulira pa mtsinje waukulu wa Mekong. Chakudya chawo chachikulu ndi mpunga womata, ndipo ndiwo zawo zambiri za kumudzi amazitola m'nkhalango, m'mitsinje ndi m'minda ya mpunga momwemo: mphukira za nsungwi, bowa, masamba akutchire, tinsomba, ngakhale ndere za mumtsinje zimene amaziyanika n'kukazinga. Pakati pa 1995 ndi 2000 akatswiri a zaulimi anayenda m'midzi ya dzikolo kusonkhanitsa mbewu za mpunga wamakolo, ndipo anatolera zitsanzo zoposa 13,000. Alimi wamba ndiwo anasunga chuma chonsecho, banja lililonse mitundu ingapo, wina wocha msanga, wina wopirira chilala, wina wa fungo. Koma kumene nkhalango zagwetsedwa kuti padzalidwe minda ikuluikulu ya rabala, nthochi ndi chinangwa chogulitsa kunja, mabanja apeza ndalama m'manja koma ayamba kugula ndiwo zimene kale ankangotola. Phunziro lake ndi lomwe lathuli. Ndalama ya mbewu imodzi imabwera kamodzi n'kutha, pamene m'mimba mumafuna tsiku lililonse.

Kwathu konkuno nzeruzi zinalembedwapo. Mu 1955 Jessie Williamson anatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino, lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, ndipo zambiri zimene analemba anazimva kwa amayi a m'midzi. Brian Morris analemba za bowa wa m'Malawi ndi mayina ake a m'zilankhulo zathu. Ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, kuli nkhokwe ya boma yosungira mbewu zamakolo. Ku Makoka, ku Zomba, akatswiri anayesa kumezanitsa masuku kuti azibereka msanga. Mu 2008 mayiko a European Union anavomereza ufa wa malambe kuti uzigulitsidwa ngati chakudya kwawoko, ndipo lero anthu a ku London akuugula m'timapaketi pa mtengo wokwera. M'masitolo a m'tauni zathu muli juwisi wa malambe m'mabotolo. Eti chinthu chimene ife tikuchichitira manyazi, ena akuchilipirira ndalama zakunja.

Mawu a wootcha makala tiwamve

Wina anena kuti, "Inu mukulankhula mutakhuta. Ine mwana wathamangitsidwa ku sukulu chifukwa cha fizi, feteleza wakwera, ndidye masau?" Funsoli ndi loona ndipo sitilinyoza. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula chakwera, ndipo makala ndi ndalama yapafupi imene munthu wopanda mpamba angaipeze ndi nkhwangwa yokha. Palibe amene amakonda kugona kutchire akulondera uvuni.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Pa ndalama imene thumba la makala limagulitsidwa ku Lilongwe, wootcha amalandirapo kagawo kochepa. Zambiri zimapita kwa wa galimoto ndi wogulitsa m'tauni. Wotsala ndi phiri lometa ndi ndani? Ndi wootcha yemweyo ndi ana ake. Mkazi wake ndiye aziyenda maola ambiri kufuna nkhuni. Munda wake ndiwo ukokoloke. Paja akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa zatembenuka: akudya ndi akuluakulu, amene adzapotedwe ndi ana.

Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo ndipo zilango zake n'zowawa. Komabe tonse tikuona kuti matumba akudutsabe pa msewu. Kulanda njinga ya munthu wosauka sikunabwezeretse phiri ndi limodzi lomwe. Chimene chimagwira ntchito ndi pamene eni mudzi agwirizana okha, chifukwa iwo ndiwo amadziwa amene walowa kutchire ndi nkhwangwa usiku. Lamulo lomwelo limapereka mpata woti mudzi ukhale ndi nkhalango yakeyake pansi pa nyakwawa, ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe. Mpata umenewu tiugwiritse ntchito.

Asodzi muli ndi chitsanzo chanu chimene dziko lonse limachitchula. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kwa zaka zambirimbiri, ndipo anthu amamvera chifukwa potsegulira amaona okha kuchuluka kwa utaka. Ngati zinatheka pa madzi, pa phiri zingakanike bwanji? Ndipo kwa ife Asilamu, kupatula malo kuti apume si chinthu chachilendo. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anapatula malo otetezedwa otchedwa hima pafupi ndi Madina. Ku chilumba cha Misali, kufupi ndi Pemba m'dziko la Tanzania, asodzi anachepetsa usodzi woononga pamene ma Sheikh awo anayamba kuwakumbutsa kuti zolengedwa ndi amana imene tidzafunsidwe.

Zimene tingayambe chaka chino

Choyamba, mudzi uliwonse ugwirizane pa bwalo mitengo imene siidulidwa, kaya ili m'munda mwa yani: mlambe, bwemba, msau, msuku, mtowo, muula, mkuyu ndi msangu. Makolo athu polima mphanje ankaisiya mitengo ya zipatso. Silinali lamulo lolembedwa, koma aliyense ankalidziwa. Lero lilembedwe, a mfumu asainire, ndipo lilengezedwe ku mzikiti Lachisanu, ku tchalitchi kwa anansi athu, ndi pa msika. Tchire silidziwa chipembedzo cha munthu, ndiye pa nkhaniyi tikhale pamodzi ndi anzathu onse a m'mudzi.

Chachiwiri, msangu tiupatse ulemu wake. Mtengo uwu umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kuphukira m'chilimwe. Choncho suphimba chimanga, ndipo masamba ake amawolerana n'kusanduka manyowa. Aliyense amene analimapo pansi pa msangu akudziwa kuti chimanga cha pamenepo chimabiriwira mosiyana. Nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya m'chilimwe msipu utatha, ndipo mbuzi yonenepa tonse timaifuna ikamayandikira Eid ya Qurbani. Pamene thumba la feteleza lafika pa mtengo umene tikuuonawu, kudula msangu n'chimodzimodzi kutaya feteleza mumtsinje.

Chachitatu, tisamale zitsa. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala mpaka mu Epulo, timadzala mbande, timajambulitsa, koma pofika Okutobala zambiri zauma. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chili kale ndi mizu yozama. Chikaphukira, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo sadzani, ndipo tetezani ku moto ndi mbuzi. Pakatha zaka zochepa muli ndi mtengo. Alimi a ku Niger, dziko louma kuposa lathu, anabwezeretsa mitengo mamiliyoni ambiri m'minda yawo ndi njira yomweyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Siifuna ndalama, imafuna chikwanje ndi kudekha.

Chachinayi, moto. Tilambule njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi mvula ikangotha. Ngati pafunika kutentha, kuchitike msanga udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo, anthu ali pomwepo, mogwirizana ndi alangizi a zankhalango. Woyatsa moto wolusa mu Okutobala aitanidwe ku bwalo ngati wakuba, chifukwa waba ndithu.

Chachisanu, m'mphepete mwa mitsinje. Tisiye kulima mpaka pa gombe penipeni. Bango, nsungwi, mikuyu ndi nyowe zimagwira dothi. Mizere ingapo imene mungapindule lero ndi yomwe mtsinje udzatenge mu Febuluwale pamodzi ndi theka la dimba.

Chachisanu ndi chimodzi chikupita kwa amayi, amene ndinu eni nzeru zimenezi. Popalira, siyani bonongwe, luni ndi denje pang'ono kuti zichite njere, ndipo njerezo musunge ngati mmene mumasungira za maungu. Pa dimba pakhale bedi limodzi la ndiwo zamakolo. Mfutso ubwerere m'nyumba zathu: chitambe, khwanya, mnkhwani, denje ndi bowa. Kufutsa bwino n'kuwiritsa pang'ono chabe, kenaka kuyanika pa mthunzi podutsa mphepo, pa thandala osati pansi, kuti mtundu ndi michere zisathe. Chidulo kapena soda zisachuluke chifukwa zimapha mavitamini. Nsinjiro kapena timafuta pang'ono zimathandiza thupi kulandira michere ya m'masamba. Ndipo mbewu ngati mapira, mawere, nzama, khobwe, nandolo ndi chitowe zisasowe pa munda. Zimapirira pamene chimanga chagonja.

Pa bowa tichenjezane. Chaka ndi chaka timamva za mabanja amene agonekedwa m'chipatala, ena kutaya moyo, chifukwa cha bowa wakupha. Ena mwa bowa oopsa amafanana kwambiri ndi ndelema. Mwana asapite yekha kukazula, ndipo bowa amene simukumudziwa bwinobwino musiyeni pomwepo. Paja safunsa anadya phula. Ngoziyi ikukula chifukwa chomwe chija: odziwa akutha, otsala akungoganizira.

N'chifukwa chake chachisanu ndi chiwiri ndi kulemba. Ku madrasa ndi ku sukulu, aphunzitsi apatule tsiku limodzi pa teremu, aitane agogo awiri kapena atatu, ayende ndi ana kutchire. Ana alembe dzina la chomera chilichonse m'Chichewa ndi m'Chiyao, nyengo yake, kumene chimamera, kaphikidwe kake, ndi chimene chimafanana nacho koma n'choopsa. Kope limodzi likhale kwa a mfumu, lina ku mzikiti. Gogo mmodzi akamwalira osafunsidwa, mayina makumi angapo amapita naye kumanda.

Kwa asodzi ndi ogulitsa nsomba, gawo lanu ndi nkhuni. Mauvuni owambira nsomba otsekedwa bwino amadya nkhuni zochepa kuposa kuwamba pa moto wa poyera, ndipo m'madooko ena muli kale nyumba za pulasitiki zoyanikira usipa ndi dzuwa. Makomiti a pa dooko afunse za zimenezi kwa alangizi a zausodzi. Pakhomo, mbaula ya dothi ya Chitetezo imachepetsa nkhuni zophikira. Ndipo pogula nkhuni, kanani za mitengo ya zipatso. Wogula akakana, wodula amasiya.

Pomaliza, malonda. Mayi mmodzi wokhala ndi beseni la malambe pa msewu amagulitsa pa mtengo umene wa galimoto wanena. Amayi makumi awiri atasonkhanitsa, kusankha, kusunga pouma n'kugulitsa pamodzi nyengo itapita, mtengo amanena ndi iwo. Mutu umodzi susenza denga. Chimodzimodzi uchi, mphasa ndi madengu a mlaza. Munthu akaona kuti mtengo woimirira ukumupatsa ndalama chaka chilichonse, nkhwangwa amaiika pansi yekha popanda womuthamangitsa.

Ziyambire pa mphasa yathu

Zonsezi sizingapite patali ngati ife eni ake sitikudya zakudyazi. Mwezi wa Ramadhan timafunafuna tende wochokera kunja ndi zakumwa za m'mabotolo, pamene bwemba ali pa khomo. Dzina limene azungu amatchulira bwemba linachokera ku Chiarabu, ndipo tanthauzo lake ndi tende wa ku India, ngakhale mtengowo kwawo ndi kuno ku Africa. Msau ndi m'bale wa mtengo umene Aarabu amautcha sidr. Mswachi weniweni, umene dzina lake linachokera ku miswak, ndi kamtengo kakutchire. Zinthuzi zili pafupi ndi moyo wathu kuposa mmene timaganizira. Madzi a bwemba kapena a malambe pofutulu, phala la malambe kwa ana m'mawa, futali wa mbatata, denje pambali pa usipa: palibe chochititsa manyazi pamenepa. Pa sadaka, pa ukwati ndi pa misonkhano ya mzikiti, mphika umodzi ukhale wa ndiwo zamakolo, ndipo alendo olemekezeka apatsidwe poyamba. Ana akaona a Shehe ndi a mfumu akudya luni mokondwa, nawonso asiya kuluyesa udzu.

Pempho lathu kwa mafumu, makomiti a mizikiti, makomiti a sikimu ndi a pa dooko ndi lakuti mvula isanagwe chaka chino, mudzi uliwonse ukhale pansi kamodzi pa nkhani imeneyi. Mutuluke ndi zinthu zitatu zolembedwa: mitengo yosadulidwa, malo amene mwapatula kuti apume, ndi mayina a anthu oyang'anira. Mlambe umene mungauteteze lero mwina simudzadya zipatso zake, koma adzukulu anu adzadya, mbalame zidzadya, wapaulendo adzapuma pa mthunzi wake, ndipo tonse tikudziwa kuti sawabu za chinthu chotere sizithera pa manda.

Allah atipatse mvula yabwino, madzi odekha ndi mitima yomvana.